Chigumu Chophika Pakhomo: Chakudya cha Mwana Podikira Nsima

Lero tikambirane za chakudya chimene tonse timachidziwa, koma ambiri timachiyesa cha ana a sukulu ndi anthu a pamsika basi. Chakudyacho ndi chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, enanso amati chimimina.

Zimene tinamva m'sewero

Tiyambe takumbutsana sewero la pa wailesi lija. Munali mayi wina wa mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Mayiyu si waulesi ayi. M'mamawa amaphikira mwana phala la ufa woyera, nkumusiya kwa apongozi, iye ulendo wa kudimba. Lachiwiri amapita kumsika wa Dzaleka kukagulitsa tomato ndi mtedza, ndipo pobwera salephera kugulira mwana kapaketi ka zokhwasula ndi kachakumwa kotsekemera.

Koma atapita kusikelo anamuuza kuti kwa miyezi itatu yotsatizana mwana sanakwere. Kunyumba kunabuka mkangano. Apongozi anati, "Mwanayu mwamutsempha." Bambo a mwana anati, "Nanga ine ndalakwanji? Ufa uli m'nyumba, ndalama ya zokhwasula ndimapereka." Mayi uja anangokhala chete misozi ili mbwembwembwe.

Amene anathandiza ndi mnzake wa ku Burundi, wogulitsa moyandikana naye pamsika. Iye sanadzudzule munthu. Anangofunsa kuti, "Achemwali, kuchokera pa phala la m'mawa kufikira nsima ya masana, mwana amadya chiyani?" Yankho panalibe. Funso lomwelo ndikukufunsani inu lero.

Mimba ya mwana ndi yaing'ono

Mimba ya mwana wa chaka chimodzi imadzadza ndi chakudya chokwana ngati kapu imodzi. Akadya phala lamadzimadzi amakhuta msanga, koma chimene chadzadza m'mimbamo ndi madzi. Pakangopita kanthawi njala yabweranso. Munthu wamkulu angathe kudikira nsima ya masana, koma mwana ayi, chifukwa thupi lake ndi ubongo wake zikukula usana ndi usiku.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwakachetechete m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Nthawi imeneyi ikadutsa nkovuta kubweza zimene zatayika. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Kadyetsedwe koyenera ndi aka:

1. Kuyambira pobadwa mpaka miyezi 6: bere lokha, popanda madzi, phala kapena dawale.
2. Miyezi 6 mpaka 8: bere, ndi phala lolimbirako la kasakaniza kawiri kapena katatu pa tsiku.
3. Miyezi 9 mpaka zaka ziwiri: bere, chakudya katatu kapena kanayi pa tsiku, ndiponso chakudya chotolatola kamodzi kapena kawiri.

Chakudya chotolatola chimenechi ndicho chimasowa m'makomo ambiri. Mayi ali kumunda, ali pa mzere wa kumjigo, ali kumsika, ndipo sangathe kusonkha moto kasanu pa tsiku. Apa ndi pamene chigumu chimathandiza. Mumaphika kamodzi madzulo, mawa lake agogo kapena mlezi amangodula ndi kupatsa mwana.

Kodi m'chigumu muli chiyani?

Amayi athu anaphunzira za magulu atatu a zakudya. Masiku ano a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Chigumu chophikidwa bwino chimatha kukhala ndi magulu asanu m'chidutswa chimodzi. Mgaiwa ndi chokhutitsa. Soya kapena nsinjiro ndi zanyemba. Dzira kapena chambiko ndi zochokera ku nyama. Nthochi ndi chipatso. Ndipo muli mafuta. Chotsala ndi masamba okha, amene mwana akawapeza pa nsima.

Yerekezani ndi kapaketi kaja kogula pa okala. Kambiri mwa timapaketi totere mumakhala mchere, shuga, mafuta ndi utoto. Mwana amakakonda, koma kamamutsekera chilakolako cha chakudya chenicheni. Ndalama imene mumawononga pa timapaketi sabata yonse ingathe kugula mazira ndi nthochi zophikira chigumu.

Chonde musaphike chigumu cha ufa wokhawokha. Chimanga pachokha sichikwanira. M'chaka cha 1990 anthu oposa 18,000 mwa anzathu othawa nkhondo ku Mozambique, amene ankakhala m'chigawo cha kummwera, anadwala pelagra mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira. Awa ndi matenda aja amene khungu la m'khosi ndi la m'mikono limada ndi kusupuka ngati munthu wapsa, amatsegula m'mimba, ndipo nthawi zina mutu umasokonezeka. Si nkhani ya kutali ayi. M'zaka za 2015 ndi 2016 matenda omwewa anagwira anthu mazanamazana ku Kasese konkuno ku Dowa. Amabwera pamene banja likudalira chimanga chokha. Mtedza, nyemba, usipa ndi mazira zimatiteteza ku matendawa.

Kukonza ufa wosakaniza

Phala lodziwika lija la Likuni, limene linatenga dzina ku chipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe, limapangidwa ndi chimanga ndi soya. Muyeso wake ndi wosavuta: mbale 4 za chimanga, mbale imodzi ya soya. Ife a ku Dowa ndi Ntchisi timalima soya wambiri, koma timagulitsa yense kwa mavenda osasiyako ndi ndowa imodzi yomwe. Chaka chino siyaniko wa ana.

Soya wosaphika sagayika bwino m'mimba ndipo amanunkha chiwisi. Mukonzeni motere:

1. Petani ndi kusankha, kuchotsa miyala ndi woola.
2. Wiritsani madzi mpaka abwate. Thirani soya wouma pang'onopang'ono m'madzi obwatawo. Musayambe mwamunyowetsa ndi madzi ozizira, chifukwa ndi chimene chimadzutsa fungo.
3. Abwate kwa mphindi 30.
4. Tsanulani, tsukani ndi kufikisa kuti makoko achoke.
5. Yanikani pa mphasa yoyera kapena pa thandala mpaka aume gwa.
6. Sakanizani ndi chimanga chosakonola, mukagayitse pamodzi kuchigayo.

Tikuti chimanga chosakonola chifukwa pokonola ndi poviika mphale timataya mtima wa chimanga ndi gaga, m'mene muli mafuta ndi zambiri zomanga thupi. Ufa woyera umakoma pa nsima, koma wa mwana ukhale mgaiwa. Ngati soya palibe, gwiritsani ntchito nsinjiro. Nsinjiro muzisinja zochepa zokwanira masiku owerengeka, chifukwa sizichedwa kuwawa.

Kaphikidwe ka chigumu cha nthochi

Zofunika:
Makapu 4 a mgaiwa wosefa ndi kapu imodzi ya ufa wa soya kapena nsinjiro. Ngati munagayitsa kale pamodzi, tengani makapu 5.
Nthochi 5 zakupsa kwambiri, zija zayamba madontho akuda.
Dzira limodzi kapena awiri.
Masupuni aakulu 3 a mafuta ophikira.
Supuni yaing'ono imodzi ya soda, yosasefukira.
Mchere wa ayodini wongotsina ndi zala.
Makapu awiri a chambiko. Ngati palibe, madzi abwino ofinyiramo ndimu imodzi.
Shuga masupuni aakulu awiri ngati alipo. Nthochi zikapsa bwino shuga safunika.

Kachitidwe kake:

1. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani beseni, poto ndi mthiko.
2. Sakanizani ufa, soda ndi mchere zili zouma, kuti soda asaunjikane malo amodzi.
3. M'mbale ina kanyani nthochi mpaka zisalale. Swerani dzira, thirani mafuta ndi chambiko.
4. Phatikizani zonse ndi kutakasa pang'ono. Zikhale zolimba ngati phala la mwana wamkulu, zoti zikugwa pa mthiko mwaulesi.
5. Pakani mafuta m'poto. Mungathe kuyala tsamba la nthochi lowaula pansi kuti chisamatirire. Thirani mpaka theka la poto kapena kupitirira pang'ono, chifukwa chimafufuma.
6. Ikani pamoto nthawi yomweyo. Soda akakumana ndi chowawasa monga chambiko kapena ndimu amayamba kutulutsa mpweya, ndipo mpweya umenewo ndiwo umafufumitsa chigumu. Mukachedwa mpweya umathawa, chigumu nkukhala ngati njerwa.

Amene muli ndi fulawa, chotsani kapu imodzi ya mgaiwa ndi kuikapo kapu ya fulawa. Chigumu chimafewa kwambiri. Koma musadandaule ngati mulibe, pakuti chomanga thupi si fulawa ayi.

Uvuni wathu ndi poto

Ambiri amati, "Ine ndilibe uvuni." Agogo athu analibenso, koma chigumu ankaphika. Mukatha kuphika nyemba kapena nsima ya madzulo, musazimitse makala otsala. Phulani nkhuni zoyaka, musiye makala ochepa pansi. Khazikani poto, vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo kapena chidutswa cha lata choyera, ndipo makala ambiri muwaike pamwamba. Lamulo lake ndi limeneli: moto wochepa pansi, wochuluka pamwamba. Mukatembenuza lamuloli chigumu chimapserera kunsi m'kati muli muwisi.

Njira ina ndi yothira mchenga wouma m'poto wamkulu, kuutenthetsa, kenaka kukhazika kapoto ka chigumu pamchengapo ndi kuvindikira. Mchenga umagawa kutentha mofanana.

Musamavundukule pafupipafupi. Pakatha mphindi 40 lasani pakati ndi mpeni woyera. Ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa. Ukatuluka ndi phala, bwezerani makala ndi kudikira pang'ono. Chikapsa chisiyeni chizizire musanadule.

Tonse tikudziwa m'mene nkhuni zavutira kuno. Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa m'chaka cha 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia, Ethiopia ndi maiko ena. Midzi yozungulira nayonso yakula, mitengo yatha. Nchifukwa chake tikuti gwiritsani ntchito makala otsala, zitsononkho, ndi chitetezo mbaula imene imasunga moto. Mabanja awiri oyandikana angathenso kuphikira pamoto umodzi.

Nthochi zikasowa

Chigumu chimatsata nyengo. M'malo mwa nthochi ikani makapu awiri a mbatata yophika ndi kukanya. Yabwino koposa ndi yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira kapena Chipika, chifukwa ili ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Nthawi ya maungu, dzungu lofiira m'kati limagwira ntchito yomweyo.

Musaiwale mkate wa makolo. Kanyani nthochi ndi mgaiwa ndi nsinjiro, kulungani m'masamba a nthochi owaula, ndipo muphike m'madzi obwata ochepa mpaka ulimbe. Umenewu sufuna soda kapena mafuta, ndipo ndi wofewa bwino kwa mwana wamng'ono. Palinso futali, mbatata yotendera nsinjiro, imene banja lonse limakondwera nayo m'mawa wa mwezi wa June kukuzizira.

Kwa alongo athu a mu kampu amene mulibe minda: luso lanu la chapati ndi mandasi tonse timalidziwa. Pokanda fulawa, onjezerani mbatata yofiira m'kati yokanya kapena dzungu. Fulawa amalowa wochepa, chapati chimafewa, ndipo mwana amapindula. Nanunso phunzitsani amayi a m'midzi kaphikidwe kanu ka chigwada ndi nyemba. Pamzere wa sikelo tonse ndife amayi, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zitumbuwa ndi mandasi si zoipa, koma zimamwa mafuta ambiri. Mafuta obwereza kukazingira mpaka kuda si abwino kwa mwana ngakhale kwa wamkulu. Amene muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, chepetsani zokazinga, shuga ndi mchere.

Zinthu zinayi zoyenera kusamala

Choyamba ndi chuku. Apa ndikupemphani mumvetsetse. Ambirife timasankha mtedza wabwino kukagulitsa, ndipo wonyala, wosweka, wobooka ndi woola timausiya kuti ukhale wa nsinjiro. Tikatero ndiye kuti tagulitsa chakudya, tasungira mwana poizoni. Mu mtedza ndi chimanga cha chuku mumakhala poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo safa ndi moto ngakhale muphike chotani. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, angathe kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ana amene amamudya kawirikawiri sakula bwino. Choncho umitsani mtedza mokwanira, musauwaze madzi pofuna kuti usavute kuswa, sungani matumba pa thandala osati pansi, ndipo wa mwana musankhe umodziumodzi. Woipawo tayani, musapatse ngakhale nkhuku.

Chachiwiri ndi soda. Soda wambiri amawawitsa chigumu, amachisandutsa chachikasu, ndipo amapha ena mwa mavitamini. Supuni yaing'ono imodzi yakwana.

Chachitatu ndi ukhondo. Sitinaiwale kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike, musanadyetse mwana, mukachoka kuchimbudzi ndiponso mukasintha thewera. Msambitseninso mwana m'manja, pakuti chigumu amadya chogwira yekha. Chisungeni m'chiwiya chovindikira, kutali ndi ntchentche ndi makoswe, ndipo chisapitirire masiku awiri. Chikayamba kunanda, kununkha chosasa kapena kumera chuku, tayani chonse. Musangodula mbali yoipayo.

Chachinayi ndi moto. Poto wa makala pamwamba amakopa mwana wokwawa. Muikeni pamalo amene mwana sangafike. Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, thamangirani kuchipatala. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Ndiponso musalowetse mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ngakhale kuzizire chotani. Mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

Kampatsidwe kake

Mwana wa miyezi 9 mpaka chaka, mufufuteni kachidutswa kakang'ono ndi kukafewetsa ndi mkaka wa m'mawere wofinya kapena madzi owiritsa. Wopitirira chaka mpatseni chidutswa chonga zala zanu ziwiri kapena zitatu, chapakati pa m'mawa ndiponso chakumadzulo dzuwa litapendeka. Adye atakhala pansi, wamkulu ali pomwepo, kuti asatsamwe. Mtedza wathunthu musampatse mwana wamng'ono.

Musamwetsere tiyi. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi amene amapanga magazi. Mpatseni madzi abwino, bere, ndi chipatso cha nyengo yake monga mango, papaya, gwafa kapena nachesi. Inunso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, dulaniko chanu. Mukufunika chakudya choonjezera.

Kumbukirani kuti chigumu sichilowa m'malo mwa bere, phala kapena nsima ndi ndiwo. Ntchito yake ndi kutseka mpata wa pakati.

Pamene chigumu sichingathandize

Tibwerere kwa apongozi aja. Iwo ananena za tsempho chifukwa chokonda mdzukulu wawo, ndipo sitiwanyoza. Koma mwana akatupa mapazi onse awiri, tsitsi likafiira ndi kunyololoka, akaonda kwambiri, akakana kudya ndi kuyamwa, kapena akatsegula m'mimba kosalekeza, ameneyo ndi wodwala. Musataye masiku ndi kukambirana za amene walakwa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko adzamuyeza mkono ndi kalamba kaja. Kakaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mkono sukufika masentimita 11.5, mwana ali pangozi ndipo ayenera kulandira chithandizo monga chiponde. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Si chogawana ndi abale ake, si chogulitsa, ndipo si chothira m'chigumu.

Mau kwa abambo ndi agogo

Amayi, mukafika kunyumba muwawerengere abambo ndime iyi. Bambo, ufa m'nyumba ndi chiyambi chabe. Pokolola, musanaitane venda, patulani ndowa ya soya ndi thumba la mtedza wabwino kuti zifike miyezi ya January ndi February pamene ana ambiri amatsika sikelo. Nkhuku zikaikira, mazira ena akhale a mwana. Dzira silidwalitsa mwana ndipo silimuchedwetsa kuyankhula. Inu agogo, ndinu amene mumatsala ndi mdzukulu, ndipo luso la chigumu ndi mkate ndi lanu. Aphunzitseni atsikanawa.

M'sewero muja, mayi anayamba kuphika chigumu kawiri pa sabata, masiku ena mbatata ndi futali. Apongozi ndiwo ankadula ndi kudyetsa. Atabwerera kusikelo, mzere wa pa khadi unali utayamba kuloza kumwamba. Inunso yesani mwezi uno, ndipo tsiku la sikelo mudzabwere ndi khadi tidzaonere limodzi.

Mfundo zofunika kukumbukira

1. Mwana wa miyezi 9 kapena kuposerapo asadikire nsima ndi njala.
2. Mbale 4 za chimanga chosakonola, mbale imodzi ya soya wowiritsa kapena nsinjiro.
3. Moto wochepa pansi, wochuluka pamwamba.
4. Mtedza wabwino ndi wa mwana, wa chuku ndi wotaya.
5. Mwana wotupa mapazi apite kuchipatala tsiku lomwelo.
6. Pitani ndi mwana kusikelo mwezi uliwonse mpaka akwanitse zaka zisanu.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi dzulo mwana wanu anadya chiyani pakati pa phala la m'mawa ndi nsima ya masana?
2. Kodi pa sabata mumawononga ndalama zingati pogula zokhwasula za m'mapaketi? Ndalama imeneyo ingagule mazira angati?
3. Kwanu kuno, mtedza wotsala posankha umapita kuti?
4. Ndi zakudya ziti zimene zikupezeka mwezi uno zoti nkuthira m'chigumu?
5. Mukanakhala inu mayi wa m'sewero uja, mukanawayankha bwanji apongozi mwaulemu?